Hytte: kanyumba kofunda m'mapiri ozizira a ku Norway

Ngati munagonapo ku Tsangano, ku Ulónguè kapena ku Lichinga mwezi wa Juni, ndiye kuti kuzizira mumakudziwa. M'mawa zala zimakana kugwira khasu, ndipo madzulo aliyense amakokera mpando wake pafupi ndi moto. Tsopano tangoganizani dziko limene kuzizira kwake kumaumitsa madzi a m'nyanja mpaka munthu n'kumayenda pamwamba pake. Dziko lotero liliko ndithu. Dzina lake ndi Norway, pa Cipwitikizi amati Noruega. Lili kumpoto kwa Ulaya, m'cigawo cochedwa Scandinavia, pamodzi ndi Sweden ndi Denmark.

Anthu a ku Norway ali ndi cizolowezi cimene cingakudabwitseni. Akapeza masiku opuma, ambiri sathawira kotentha ai. Amasiya nyumba zawo za m'tauni n'kukwera kumapiri, kumene kumazizira koposa. Kumeneko amakakhala m'kanyumba ka mitengo kamene m'cinenero cawo amati hytte. Dzikoli lili ndi anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, koma tinyumba totere tiliko toposa 400,000. Tina tili kumapiri, tina m'nkhalango, tina m'mphepete mwa nyanja.

Nanga cimawakokera kumeneko n'ciyani? Yankho lili m'kati mwa kanyumbako. Tiyeni tikaone. Muona kuti ciliconse ca m'menemo cinaikidwa pa cifukwa, osati pofuna kudzionetsera.

Kunja kuli bwanji?

Tisanalowe, tiyambe taona kunja. Phiri lalitali koposa ku Norway ndi Galdhøpiggen, ndipo ndi lotalika mamita 2,469. Silisiyana kwenikweni ndi phiri lathu la Binga, m'cigawo ca Manica, limene ndi la mamita 2,436. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mapiri amakutidwa ndi sinowo kwa miyezi yambiri. Sinowo ndi uja pa Cipwitikizi amati neve. Si matalala ai. Matalala ndi olimba, pamene sinowo amagwa mofewa ngati thonje, n'kuunjikana pansi mpaka kutseka misewu ndi zitseko.

Madzi amaundana kuzizira kukafika pa ziro. Koma m'tauni ya kumapiri yochedwa Røros, m'caka ca 1914, kuzizira kunafika madigiri 50 pansi pa ziro.

Vuto lina ndi mdima. Ku Oslo, likulu la dzikolo, mwezi wa Disembala dzuwa limakhala kumwamba maola pafupifupi 6 okha. Kumpoto kwenikweni, mumzinda wa Tromsø, dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto a Novembala mpaka pakati pa Januwale.

Ndiye sungani ziwiri izi m'mutu: kuzizira ndi mdima. Amene akukonza m'kati mwa hytte amalimbana ndi ziwirizi.

Tinyumbati tinayamba bwanji?

Kale anthu ambiri a ku Norway anali alimi. Msipu wa m'zigwa unali wocepa. Conco nyengo yotentha ikafika, ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa ankazikweza nazo kumapiri kuti zikadye kumeneko. Malo amenewo ankachedwa seter. Amene ankakhala ndi ziwetozo kawirikawiri anali amayi ndi atsikana. Ankakama mkaka, kupanga batala ndi chizi, ndipo ankagona m'tinyumba tating'ono ta mitengo. M'kati munali moto, pogona, tebulo ndi ziwiya zamkaka basi.

Patapita nthawi, anthu ambiri anasamukira m'matauni kukagwira nchito. Koma mtima unkakumbukabe kumapiri. Ena anayamba kubwereka kapena kugula tinyumba ta abusa tija, ena n'kumanga tawo. Ndiye cifukwa cake hytte yakale imaoneka ngati ya mlimi ngakhale mwini wake ali dokotala kapena mphunzitsi.

Makoma ndi denga

Hytte yacikale imamangidwa ndi mitengo yathunthu, makamaka ya paini. Mitengoyo saiimika monga timacitira pomanga nyumba ya mapaso. Amaigoneka, wina pamwamba pa unzake. Pangodya amaisema kuti ilumane, ndipo khoma limalimba popanda misomali. Pakati pa mtengo ndi unzake ankatsekapo ndi ndere zouma kuti mphepo isalowe. Mtengo wonenepa umasunga kutentha bwino.

Denga ndilo lingakusekeni. Pamwamba pake pamamera udzu wamoyo, nthawi zina ndi maluwa omwe. Kale ankayamba ayala matabwa, kenako makungwa a mtengo wochedwa bjørk, amene salowa madzi. Pamwamba pa makungwawo ankasanjapo zibuma za dothi zokhala ndi udzu wake. Makungwa ndiwo ankachinga mvula. Dothi linkapsinja makungwawo ndiponso kutsekera kutentha m'nyumba. Lero ambiri amaika pulasitiki yolimba m'malo mwa makungwa, koma denga la udzu akulikondabe.

M'kati, makoma ambiri sapakidwa laimu. Amasiya mtengo uoneke mmene ulili. Pakapita zaka, paini amasanduka wofiirira ngati uci, ndipo madzulo akawalidwa ndi moto cipinda cimaoneka cofunda. Denga lam'kati limakhala lalifupi, mawindo a hytte zakale ndi aang'ono. Cifukwa cake n'codziwikiratu: cipinda cacing'ono sicicedwa kufunda, ndipo sicitha nkhuni zambiri.

Pakhomo: nsapato zitsale pano

Mukatsegula citseko simufikira m'cipinda cocezera. Mumayamba mwalowa m'kacipinda kakang'ono, kenako pali citseko caciwiri. Mumatseka coyamba musanatsegule caciwiri, kuti mphepo yozizira isathamangire m'kati.

M'kacipinda kameneka mumavula nsapato. Limeneli ndi lamulo la nyumba iliyonse kumeneko, ndipo ngakhale mlendo wolemekezeka amavula. Sinowo wa kunsapato akasungunuka amanyowetsa pansi. Pakhoma pamakhala tizitsulo kapena timitengo tokolekapo majekete ndi zipewa. M'kati anthu amayenda ndi masokosi onenepa a ubweya wa nkhosa.

Zonse zimayang'ana ku moto

Tsopano talowa. Cinthu coyamba cimene munthu amacita akafika ku hytte ndi kusonkha moto. Kanyumbako kamakhala kuti kakhala kotseka milungu ingapo, ndipo m'kati mumazizira ngati kunja. Anthu amakhala ndi majekete awo kwa maola angapo, kudikira kuti makoma afunde.

Moto umayaka m'citofu ca citsulo cokhuthala, cokhala ndi kacitseko kutsogolo ndi cumuni cotulutsira utsi padenga. Kampani yodziwika yopanga zitofu zotere ndi Jøtul, imene inayamba m'caka ca 1853. Citsulo cokhuthala cimatenga kutentha pang'onopang'ono, ndipo cimakutulutsanso pang'onopang'ono. Pamwamba pake amatereka ketulo ya khofi kapena mphika. Cakumtunda kwake, patali bwino ndi citsulo, amamanga cingwe coyanikapo masokosi ndi magolovesi onyowa. Hytte zina zimakhalanso ndi malo osonkhapo moto woonekera, omangidwa ndi miyala pangodya.

Onani mmene mipando yakhalira. M'nyumba zambiri za m'tauni mipando imayang'ana ku TV. Muno imayang'ana ku moto, ndipo anthu amayang'anana. Tebulo limakhala limodzi, lalitali, ndi mabenchi m'mbali mwa khoma. Benchi imalola anthu ambiri pamalo ocepa. Mabenchi ena amatseguka pamwamba, m'kati n'kusungamo zofunda. Palibe cinthu cogwira nchito imodzi yokha.

Nkhani ya nkhuni anthu a ku Norway saitenga mwamasewera. Mtengo umene amaukonda ndi bjørk uja. Amaudula kumapeto kwa nyengo yozizira, kuuwaza, n'kusanja nkhunizo pamalo opita mphepo kuti ziume miyezi yonse yotentha. Nkhuni zaziwisi zimafuka utsi wambiri koma kutentha kocepa. Posonkha, akatswiri kumeneko amalangiza kuika nkhuni zazikulu pansi, tizidutswa pamwamba, ndi kuyatsira pamwamba. Moto wotsika pansi umatulutsa utsi wocepa.

Kuti muone mmene amazikondera nkhuni, mverani izi. M'caka ca 2011 wolemba wina dzina lake Lars Mytting anatulutsa buku lonena za kudula, kusanja ndi kuumitsa nkhuni, ndipo linagulidwa kwambiri. M'caka ca 2013 wailesi ya kanema ya boma, NRK, inaonetsa pulogalamu ya maola 12 ya nkhuni zokhazokha. Maola 8 mwa amenewo anthu ankangoonera moto ukuyaka. Ena anatumiza madandaulo: awa akuti posanja nkhuni khungwa liziyang'ana kumwamba, awo akuti liziyang'ana pansi!

Koma moto m'nyumba ya mitengo ndi woopsa. Ndiye cifukwa cake lamulo la dzikolo limafuna kuti nyumba iliyonse, ndi hytte yomwe, ikhale ndi kacipangizo kolira kakamva utsi, komanso cozimitsira moto. Apa pali phunziro limene likutikhudza ifenso. Citofu cawo cimatulutsira utsi kunja. Mbaula yathu ya makala ilibe cumuni. Makala akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangogona osadzukanso. Conde, kukazizira bwanji, musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka.

Kuwala kwa pang'onopang'ono

Kuzizira tathana nako. Nanga mdima? Mwina mukuganiza kuti amapacika getsi limodzi lowala kwambiri pakati pa denga. Ai, satero. Amakonda timagetsi ndi nyali zing'onozing'ono zingapo: ina patebulo, ina pawindo, ina pangodya powerengera. Makandulo sasowa. Kuwala kwake kumakhala kofiirira ngati kwa moto, osati koyera ngati kwa m'cipatala. Kuwala kotere kumaitanira anthu pamodzi, cifukwa aliyense amasendera pamene pali nyali.

Hytte zambiri zakale zilibe magetsi a waya. Kale ankaunikira ndi nyali za parafini. Lero ambiri anaika sola yaing'ono pakhoma ndi batire limodzi, zokwanira kuyatsa timagetsi ndi wailesi. Masana makatani amawatsegula onse kuti kuwala kocepako kulowe. Sinowo woyera wa panja amathandizanso, cifukwa amabweza kuwala kulowetsa m'nyumba.

Ubweya, zikopa ndi zinthu zakale

Khalani pabenchi. Mwakhalira cikopa ca nkhosa cokhala ndi ubweya wake. Pambali pali bulangete la ubweya. Ubweya wa nkhosa uli ndi ubwino uwu: ngakhale utanyowa pang'ono, umafunditsabe.

Pansi pali timikeka titalitali ta mizeremizere. Timeneti amaluka ndi nsanza. Malaya, madiresi ndi nsalu zapabedi zikatha, amazing'amba m'timizere n'kuziluka. Munthu atha kuloza mzere wina n'kunena kuti, apa panali diresi la agogo. Majuzi ndi magolovesi nawonso ambiri ndi oluka pamanja. Maluko ena ndi ochuka dziko lonse, monga nyenyezi ya nsonga 8 ya ku Selbu.

Pakhoma mutha kuona mbale ya mtengo kapena kabati yojambulidwa maluwa opotanapotana, ofiira ndi abuluu. Luso limeneli limachedwa rosemaling, ndipo linakula m'madera a Telemark ndi Hallingdal m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Anthu akumidzi ankajambula conco kuti m'nyumba zamdima mukhale mtundu wosangalatsa maso.

Tsegulani kabati ya ziwiya. Makapu safanana. Mbale ina ndi yobenthuka pang'ono. Mpando uwu unacokera kunyumba ya m'tauni atagula watsopano. Palibe amene amacita nazo manyazi. Ku hytte cinthu cakale cimalemekezedwa, cifukwa cimakumbutsa anthu amene anacigwiritsapo nchito.

Pogona, madzi ndi cimbudzi

Zipinda zogona n'zazing'ono kwambiri, cifukwa anthu amangopitako kukagona. Mabedi ndi osanjikiza, wina pansi wina pamwamba. Hytte zambiri zili ndi kamalo pansi pa denga kokwera ndi makwerero. Ana amakakonda, ndipo ndi kofunda koposa, pakuti mpweya wotentha umakwera m'mwamba.

Mu hytte yacikale mulibe mpope. Madzi amatunga kumtsinje ndi ndowa. Mtsinje ukaundana amaswa madzi oumawo ndi nkhwangwa, kapena amasungunula sinowo mumphika. Cimbudzi cili panja, ca dzenje, m'kanyumba kakekake. Eetu, munthu wocokera ku Oslo, amene kwawo ali ndi cimbudzi camadzi, amavala jekete usiku n'kutuluka ndi tochi. Ndipo pali mwambo woseketsa: m'zimbudzi zambiri zotere amamata pakhoma zithunzi za mfumu ya dzikolo ndi banja lake.

Liwu lakuti kos

Anthu a ku Norway ali ndi liwu lochulira zonsezi. Liwulo ndi kos. Ku Denmark amati hygge, ku Sweden amati mys. Tanthauzo lake ndi kukhala mofunda, mtima uli m'malo, pamodzi ndi anthu amene umawakonda, popanda cokuthamangitsa. Ife tinganene kuti ndi kuja kuothera moto madzulo, mbatata zili m'phulusa, ana akumvera nthano.

Koma kos imakoma munthu akayamba watopa. Masana banja lonse limatuluka. Amamanga kumapazi timatabwa titalitali tochedwa ski, n'kumatsetsereka nato pa sinowo mtunda wautali. Ena amawaza nkhuni, ena amatunga madzi, ena amacotsa sinowo pakhomo ndi fosholo. Akabwerera, thupi lili zii ndi kuzizira, ndiye pamene moto ndi cakudya cotentha zimakoma.

Nthawi imene mapiri amadzaza ndi anthu ndi ya Pasaka. Masiku amakhala atayamba kutalika koma sinowo akadalipo. M'thumba la paulendo amanyamula malalanje ndi cokoleti cochedwa Kvikk Lunsj, cimene cinayamba kugulitsidwa m'caka ca 1937. Madzulo amasewera makadi ndi masewera ena a patebulo. Amakondanso kuwerenga mabuku a nkhani za apolisi ofufuza milandu, moti umenewu unasanduka mwambo wa Pasaka. Ndiye cifukwa cake mu hytte simusowa shelefu ya mabuku.

Buku la m'nyumba

Pa shelefu imeneyo pali buku lina losiyana ndi onse. Silinasindikizidwe. Ndi kope lalikulu lolemba pamanja, ndipo limachedwa hyttebok, kutanthauza buku la hytte. Aliyense amene wagona m'kanyumbako amalembamo asanacoke. Amalemba tsiku, maina a amene analipo, mmene kunja kunacera, kumene anayenda ndi cimene anadya. Mwana amene sanadziwe kulemba amajambula cithunzi, kapena amalemba cilembo coyamba ca dzina lake.

Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mlendo amene walemba m'buku amatsala. Mabanja ena ali ndi makope otere a zaka 50 kapena kuposa. Mdzukulu amatsegula n'kupeza dzanja la agogo ake amene anamwalira kalekale, atalemba kuti tsiku lakutilakuti kunagwa sinowo wambiri ndipo khofi anatha. Si mawu akuluakulu ai. Ndi ziganizo zazifupi, zonga zimene inu mwayamba kulemba.

Tinyumba ta aliyense

Si onse ali ndi hytte yawo. Amene alibe amathandizidwa ndi bungwe la oyenda m'mapiri lochedwa DNT, limene linayamba m'caka ca 1868. Bungweli lili ndi tinyumba toposa 500, ndipo njira zopitira kumeneko amaziika cizindikiro ca cilembo T cofiira pamiyala. M'tinyumba tambiri mulibe mlonda. Membala amakhala ndi kiyi imodzi imene imatsegula tinyumba tambirimbiri. M'kati amapezamo mabedi, nkhuni ndi makandulo, ndipo m'tina muli zakudya za m'zitini. Amalemba yekha zimene wadya n'kulipira yekha. Pocoka amasesa ndi kulowetsa nkhuni zouma, kuti wobwera pambuyo pake, amene samudziwa n'komwe, asavutike kusonkha moto.

Zinthu zikusintha

Tisanamizane kuti hytte zonse zili monga tafotokozeramu. Norway inalemera, makamaka itapeza mafuta pansi pa nyanja kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Hytte zambiri zatsopano ndi zazikulu ngati nyumba za m'tauni. Zili ndi magetsi, madzi otentha, TV, intaneti ndi msewu wa galimoto wofika pakhomo. Mawindo ake ndi aakulu, kuyambira pansi mpaka kudenga.

Anthu kumeneko amatsutsana pa nkhaniyi. Ena amati zimenezi n'zabwino, cifukwa okalamba ndi a ana aang'ono atha kupitako mosavutika, ndiponso amisiri ndi a masitolo a m'midzi ya kumapiri amapeza ndalama. Ena amati walira mvula walira matope. Misewu ndi nyumba zikudya nkhalango ndi madambo. Kumapiriko kuli nyama zakuchire zochedwa villrein, zonga ngoma, za nyanga za nthambinthambi. Nyamazi zimaopa anthu ndipo zimafuna malo aakulu oyendamo. M'caka ca 2021 zinalembedwa pa mndandanda wa dzikolo wa nyama zofunika kuzisamala kuti zisathe. Palinso amene amafunsa kuti: ngati aliyense ali m'cipinda cake ndi foni yake, ndipo kukufunda paliponse popanda wosonkha moto, kos ija ikadalipo?

Funso limeneli likutionetsa cimene cinkapangitsa kanyumba kaja kukoma. Sizinali zinthu zodula. Kunali kucepa kwa malo, moto umodzi, tebulo limodzi, ndi nchito imene aliyense ankagwirako. Anakonza m'nyumba molingana ndi nyengo ya kwawo ndi zinthu zimene anali nazo pafupi: mitengo, dothi, ubweya ndi nsanza.

Mawu atsopano

Hytte: kanyumba kokapumulirako, kutali ndi tauni.
Seter: malo a kumapiri odyetserako ziweto m'nyengo yotentha.
Kos: kukhala mofunda ndi mwamtendere pamodzi ndi anzako.
Hyttebok: kope limene alendo ndi eni nyumba amalembamo za ulendo wawo.

Kambiranani ndi anzanu

1. Ndi mavuto awiri ati a nyengo amene anthu a ku Norway amalimbana nawo pokonza hytte?
2. N'cifukwa ciyani citofu cokhala ndi cumuni n'cosiyana ndi mbaula ya makala?
3. Kwanu, ndi malo ati amene banja limasonkhana madzulo? Cimawasonkhanitsa pamenepo n'ciyani?
4. Kodi mukugwirizana ndi ati: okonda hytte zakale kapena okonda zatsopano? Perekani cifukwa.

Nchito yolemba

Pezani kope limodzi, likhale buku la pakhomo panu. Lero lembani tsiku, maina a amene mwadya nawo, ndi mmene kunja kwacera. Ziganizo zitatu zakwana. Mlendo akabwera, mupatseni colembera nayenso alembemo. Ngati sadziwa kulemba, mulembereni inu.